Chiuno chimapendekeka ndikaimira mwendo umodzi pa barre

Nyenyezi_Jozi
Moni nonse a m'gulu lino. Ndine mayi wa zaka 31 ndipo ndakhala ndikuphunzira ballet kuno ku Johannesburg kwa chaka ndi miyezi inayi, kawiri pa sabata, madzulo ndikaweruka kuntchito. Ndabwera ndi dandaulo limene landisowetsa mtendere. Tikakhala pa barre, mtengo wopingasa umene timagwirira pophunzira, zonse zimayenda bwino pa plié (kupinda mawondo) ndi pa tendu (kutambasula mwendo zala zikukhudza pansi), koma tikangofika pa retiré, pamene phazi limodzi liyenera kukwera mpaka pa bondo la mwendo winawo, chiuno changa chimapendekeka. Ndikaimira mwendo wamanzere, thako lamanzere limatulukira kumbali ngati la munthu amene wanyamula mwana panthiti, ndipo mbali yakumanja imakwera pamodzi ndi bondo. Aphunzitsi amandiuza kalasi iliyonse kuti ndisakhalire chiuno, makutu amamva ndithu koma thupi silimvera. Ndikasiya barre kuti ndiime pandekha pa relevé, kutanthauza kukwera pa zala chidendene chili m'mwamba, sindikwanitsa ngakhale masekondi atatu. Kodi ndiyenera kupitiriza kutambasula mwendo umene ndikukweza kuti uzikwera mosavuta, kapena pali china chimene ndikuphonya? Kunyumba ndimadzikoka miyendo pafupifupi usiku uliwonse, koma kusintha sindikukuona.

Tsabola
Siyani kudzikoka miyendo usiku uliwonse, achemwali. Mwendo wolakwa si umene uli m'mwamba ayi, ndi umene uli pansi.

Nyenyezi_Jozi
Mukutanthauza chiyani, a Tsabola? Wapansiwo umangoima, palibe chimene umachita.

Mphunzitsi_Leeds
A Tsabola anena m'mawu ochepa zimene ine ndimabwereza chaka chonse. Ndimaphunzitsa ana ndi akuluakulu omwe kuno ku England motsatira ndondomeko ya Royal Academy of Dance, ndipo mwa anthu amene amayamba ballet atakula, ndi ochepa amene sadutsa pamene mwafikapa. Maso amathamangira mwendo umene ukuyenda chifukwa ndi umene umakopa pagalasi, pamene ntchito yolemetsa ikuchitika mu mwendo umene mukuuyesa kuti wangoima. Nsanamira ya khonde ikapendama, palibe amene amayamba ndi kukonza denga.

Chimene ndikanafuna kuona ndikanakhala m'kalasi mwanu ndi mmene mumasamutsira kulemera kwa thupi musananyamule phazi. Mukaima pa kaimidwe koyamba (zidendene zitagundana) kapena kachisanu (phazi lina lili patsogolo pa linzake), kulemera kwanu kumakhala pakati pa mapazi awiri. Phazi limodzi likamachoka pansi, thupi lonse, kuyambira mutu, nthiti mpaka chiuno, liyenera kusendera pang'ono ngati chinthu chimodzi kupita pamwamba pa phazi lotsalalo, chakutsogolo kwake osati pachidendene. Ophunzira ambiri amasuntha chiuno chokha, nthiti n'kutsalira pakati, ndipo kumeneko ndiye kukhalira chiuno kumene aphunzitsi anu akukudandaula. Ena sasendera n'komwe, amangokoka barre ndi dzanja kuti asagwe, kenako n'kumadabwa kuti akafika pakati pa chipinda miyendo yawathawa.

Taonaninso dzanja lanu. Liyenera kukhala patsogolo pang'ono pa phewa, chigongono chopindika pang'ono, chala chachikulu chili pamwamba pamodzi ndi zinzake, osati chokulunga pansi pa barre ngati mukugwira mpini wa khasu. Dzanja likatsalira m'mbuyo, phewa limapotoka ndipo chiuno chimatsatira. Yesani izi m'kalasi yotsatira: pa masewero alionse a mwendo umodzi, tukulani dzanja pang'ono pa kuwerenga kwachinayi kulikonse. Ngati muyenera kuyamba mwadzikonza kuti mulitukule, ndiye kuti simunali pa mwendo wanu, munali pa barre.

Fiziyo_BT
Ine si wovina. Ntchito yanga ndi ya fiziyo kuno ku Blantyre, ndipo amene ndimawaona kawirikawiri ndi osewera mpira wamiyendo ndi wa ntchemberembaye, koma chiuno ndi chimodzimodzi kwa aliyense. Ndawerenga kawiri zimene mwalemba, a Nyenyezi, ndipo ndikuona kuti mwafotokoza mavuto awiri amene sachitika pa kamphindi kamodzi. Thako la mwendo woimira likatulukira kumbali, mbali inayo ya chiuno imatsika. Mbali inayo ikakwera, ndiye kuti mwaikoka ndi mnofu wa m'mbali mwa msana, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno, kuti ithandize kunyamula bondo. N'kutheka kuti mumayamba ndi loyambalo n'kumalizira lachiwirilo, koma tingadziwe pokhapokha mutaimika foni kumbuyo kwanu n'kudzijambula vidiyo. Mangani lamba wopyapyala wa mtundu wowala mozungulira chiuno, modutsa pa mafupa awiri otuluka kutsogolo aja, kuti mzere wake uzioneka bwino.

Mnofu umene umagwira chiuno kuti chisagwe munthu akaimira mwendo umodzi umatchedwa gluteus medius. Uli m'mbali, pamwamba pa nyung'unyu, osati pa thako lenileni limene timakhalira. Dokotala wa ku Germany, Friedrich Trendelenburg, anafotokoza mu 1895 kuti minofu ya m'mbaliyi ikafooka, chiuno chimagwera mbali ya mwendo umene wanyamulidwa, ndipo mpaka lero timayeza odwala ndi njira yotchedwa dzina lake. Munthu akaimira mwendo umodzi, nyung'unyu imasenza mphamvu yoposa kawiri kulemera kwa thupi lake, choncho musadabwe kuti mnofuwo umatopa msanga. Ballet imawonjezerapo katundu wina, chifukwa mwendo woimirawo uyeneranso kukhala wotembenukira kunja, ndipo ntchito imeneyo ndi ya timinofu 6 tobisika mkati pansi pa thako, timene kodziwika kwambiri ndi piriformis. Timeneti tikalefuka, ntchafu imabwerera mkati mwakachetechete ngakhale phazi likuonekabe kuti laloza kunja.

Kunyumba chitani izi. Imani pa sitepe ndi phazi limodzi, linalo lili lendelende m'mphepete, mawondo onse owongoka. Tsitsani pang'onopang'ono mbali ya chiuno ya mwendo wolendewerawo, kenako ikwezeni mpaka lamba uja awongoke, osapitirira pamenepo. Chitani ka 10 kapena ka 12, maulendo awiri mbali iliyonse, masiku atatu pa sabata. Mukamva kutentha m'mbali mwa thako la mwendo woimira, mwapeza malo ake. Mukakumva kutsogolo kwa ntchafu kapena kumsana, ndiye kuti mnofu wina walanda ntchito ya mnzake. Koma ngati pali ululu wobaya m'mphechepeche, musadzichize ndi malangizo a pa intaneti, kaonaneni ndi munthu amene angakupimeni ndi manja ake.

Kadzidzi
Pepani a Fiziyo, koma ine sindikhulupirira kuti ballet imaphunziridwa pa sitepe. Ndinaphunzira ndili mwana ku Harare kwa mayi wina amene ankatsatira njira ya ku Russia, ya Agrippina Vaganova, ndipo sanatipatsepo masewero a kuchipatala. Miyezi yoyambirira tinkayang'anizana ndi barre, manja onse awiri ali pamenepo, n'kumachita tendu imodzi pa kuwerenga kunayi, kubweza phazi pa kuwerenga kwinanso kunayi, mpaka thukuta kuyenderera kumsana. Mwendo sunkaloledwa kupitirira madigiri 45 mpaka chiuno chitaphunzira kukhala phee. Mphamvu ya mwendo woimira inkabwera yokha kuchokera mu kuchedwa kumeneko. Vuto la makalasi a akuluakulu masiku ano ndi lakuti aliyense akufuna développé, kutambasulira mwendo m'mwamba, pa mwezi wachitatu, ndipo aphunzitsi amalola poopa kuti ophunzira athawa ndi ndalama zawo. Malangizo anga kwa a Nyenyezi ndi akuti abwerere m'mbuyo. Ayang'anizane ndi barre, atsegule mapazi mpaka apange mzere umodzi wowongoka monga mmene ballet imafunira, aike phazi pa cou-de-pied, pakakolo, n'kukhala pamenepo kuwerenga 16 osagwedezeka.

Tsabola
Munayamba bwino, a Kadzidzi, koma pa mzere umodzi wowongokapo mwatitayitsa. Mukufuna kuti achemwaliwa akakhale kasitomala wa a Fiziyo?

Mphunzitsi_Leeds
Pa zoyang'anizana ndi barre ndi zochedwetsa tendu ndikugwirizana nanu kotheratu, a Kadzidzi, ndipo ndikanakonda ophunzira anga akanakumvani. Manja awiri amakuuzani nthawi yomweyo kuti phewa lina lapita patsogolo. Koma pa mapazi ndikukana. Ana amene amalowa sukulu ya Vaganova ku Saint Petersburg amalowa ali ndi zaka pafupifupi 10, atasankhidwa pakati pa ana ambirimbiri, atapimidwa mafupa ndi kufewa kwa thupi, ndipo amaphunzira pafupifupi tsiku lililonse. Njira imene inakonzedwera matupi osankhidwa chonchi sitingaisenzetse yonse mayi wa zaka 31 amene amabwera kawiri pa sabata atakhala pampando wa muofesi tsiku lathunthu.

Ndiponso mzere wowongokawo sunakhalepo kuyambira pachiyambi. Pamene Louis XIV ankakhazikitsa Académie Royale de Danse ku Paris mu 1661, ndipo Pierre Beauchamp ankalongosola makaimidwe asanu a mapazi, ovina a kunyumba ya mfumu ankatsegula mapazi pang'ono chabe poyerekeza ndi lero. Kutsegula kwathunthu kunadzalimbikitsidwa pambuyo pake, makamaka m'nthawi ya Carlo Blasis cha m'ma 1820, pamene ballet inali itakhala ntchito ya akatswiri a pabwalo la zisudzo. Cholinga cha turnout, kutembenuzira miyendo kunja kuchokera mu nyung'unyu, ndi kumasula ntchafu kuti iyende kumbali popanda fupa kugunda fupa, ndi kupatsa wovina maziko poyenda mbali zonse. Phazi lotsegulidwa kuposa mmene ntchafu ingathere limachita zosiyana ndi zimenezo: limagudubukira mkati, chala chaching'ono chimanyamuka, bondo limaloza kwina phazi kwina, ndipo timinofu timene a Fiziyo atchula timasowa pogwira. Wophunzira wanga akamadzandira pa mwendo umodzi, chinthu choyamba chimene ndimachita ndi kumutsekera mapazi pang'ono, ndipo kawirikawiri amakhazikika pomwepo, ngakhale nkhope imaonetsa kuti wakhumudwa.

Kadzidzi
Ndamva za kusankhidwa kwa anawo ndipo sinditsutsa. Komabe ndaonapo akuluakulu ambiri amene anauzidwa kuti achepetse turnout, iwo n'kugonera pomwepo zaka zisanu osayesanso kuikulitsa. Kuchepetsa kukhale kwa kanthawi, ndipo munthu aziigwirira ntchito tsiku ndi tsiku.

Mai_a_Awiri
Nkhani ya mapaziyi yandikhudza. Mwana wanga wamkazi wa zaka 9 amaphunzira ballet Loweruka lililonse kuno ku Lilongwe. Ndaona kuti asanayambe amapinda mawondo, n'kukankhira mapazi kunja mpaka awongoke ngati a anzake, kenako n'kudzuka. Amaoneka bwino kwambiri ndipo aphunzitsi ake amamuyamikira, koma masabata awiri apitawa wayamba kudandaula kuti mkati mwa bondo mukupweteka akamakwera masitepe. Ine ballet sindiidziwa, ndinangomulembetsa chifukwa ankalira. Kodi zimenezi zikugwirizana ndi zimene mukukambiranazi?

Fiziyo_BT
Zikhoza kugwirizana kwambiri, mayi. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Bondo likapindika limalola fupa la msongolo kuzungulira pang'ono, koma likawongoka silifuna kupotozedwa. Mwana akaika mapazi ali chopinda n'kudzuka, phazi limakhala litakanirira pansi pamene ntchafu sinafike, ndipo kusiyanako kumalipiridwa ndi mitsempha ya mkati mwa bondo. Muuzeni aziyamba ndi mapazi oloza kutsogolo, mawondo owongoka, anyamule zala pang'ono atatsamira zidendene, atembenuze miyendo kuchokera pamwamba penipeni pa ntchafu, kenako atsitse zala pamene zafikapo. Pamenepo ndiye pake. Akamachita plié, bondo lizipita molunjika chala chachiwiri cha phazi.

Anthu sabadwa ndi nyung'unyu zofanana. Khosi la fupa la ntchafu limakhala lopotokera kutsogolo madigiri 30 mpaka 40 mwana akamabadwa, ndipo limabwerera pang'onopang'ono mpaka pafupifupi 15 munthu akakula. Amene lake latsalira kutsogolo kwambiri amavutika kutembenuzira miyendo kunja ngakhale atalimbikira chotani, pamene amene lake labwerera kwambiri amatsegula ngati chitseko. Munthu wamba amatembenuza ntchafu madigiri pafupifupi 45, ndipo ngakhale pakati pa akatswiri, 90 wochokera mu nyung'unyu mokha ndi wosowa. Musapusitsidwenso ndi kakhalidwe ka chule kamene ana amakonda kuonetsana, kokhala pansi mapazi atagundana, mawondo atagwera kumbali. Ntchafu ikapindika, mtsempha waukulu wa kutsogolo kwa nyung'unyu umakhwefuka, choncho zimene mwana angathe atakhala pansi si zimene angathe ataimirira. Bondolo likapitirira kupweteka sabata ina, mupite naye akamuone, ndipo mulankhule ndi aphunzitsi ake mwaulemu kalasi isanayambe.

WaKuDedza
Ine ndimavina za kwathu, makamaka chimtali, koma chaka chatha ndinalowako kalasi ya ballet miyezi itatu chifukwa cha chidwi. Chimene chinandivuta ndi chomwechi. Kwathu chiuno ndiye chimalankhula, mawondo amakhala ofewa, thupi limakokera pansi, ndipo wovina amene chiuno chake chauma timamuseka. Ku ballet anandiuza kuti chiuno chikhale chete, miyendo yokha ndiyo iyankhule, ndipo thupi langa linkaona ngati ndikulimana chakudya. Chimene chinandithandiza ndi kukumbukira mmene tinkasenzera ndowa ya madzi kuchokera kumjigo. Ukasenza ndowa yodzaza sungapinde khosi kapena kutulutsa chifuwa, umatalika wekha kukankha nkhata m'mwamba. A Nyenyezi, tayesani kuganiza kuti pamutu panu pali ndowa.

Gogo_Relevé
Mwana wanga wa ku Dedza, fanizo lakolo ndi labwino kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba, koma kuchokera m'chiuno kutsika nalo mosamala. Takumbukira mayi amene akuyenda ndi ndowa pamutu mmene chiuno chake chimagwera uku ndi uku kuti madzi asatayike. Kugwa kumeneko n'kwanzeru pa njira ya kumjigo, koma ndi komwe a Nyenyezi akulimbana nako pa barre. Tengani kutalikako, kuyendako mukusiye.

Ine ndili ndi zaka 63 ndipo ndimalowabe kalasi kamodzi pa sabata kuno ku Cape Town. Ndikufuna kuchenjeza za chinthu chimene chinandiwonongera zaka zambiri. Pamene ndinali mtsikana, aphunzitsi ankatimenya pathako ndi kamtengo kuti tilowetse mkati, ndipo ine ndinaphunzira kufinya matako mwamphamvu n'kukankhira chiuno kutsogolo. Msana unkaoneka wowongoka, koma ntchafu zinauma kutsogolo, plié inafupika, ndipo mwendo woimira sunkawongoka bwino. Ife amene tili ndi matako ooneka timauzidwa zimenezi kuposa ena, chifukwa mphunzitsi amayang'ana mnofu m'malo moyang'ana fupa. Chiuno chowongoka chimadziwika ndi mafupa: awiri otuluka kutsogolo aja ndi la pachinena akhale pa mzere umodzi wochokera kumwamba kupita pansi, ngati kuti onse atatu akhudza khoma limodzi. Zakumbuyoko ndi mmene Mulungu anakuumbirani. Cholakwika china ndi chosiyana nacho, kugwetsera chiuno kutsogolo msana n'kupindika ngati uta, chimene ambiri amachita kuti abe turnout.

Chinanso, a Nyenyezi, mawondo anu amabwerera kumbuyo mukaimirira? Anga amatero. Ngati ndi choncho, mwina mumakhomerera bondo kumbuyo n'kupumira pa mitsempha, kulemera konse kuli pachidendene, ndipo zikatero thako silingalephere kutuluka. Phazi lili ndi mafuwa atatu: chidendene, tsinde la chala chachikulu ndi tsinde la chala chaching'ono. Mphika sukhazikika pa fuwa limodzi.

Mai_a_Awiri
Zikomo a Fiziyo, ndilankhula nawo Loweruka. Ndifunseko pang'ono za kunyumba, popeza a Kadzidzi akuti munthu azigwirira ntchito tsiku ndi tsiku. Ife barre tilibe, mwanayu amagwira zitsulo za pawindo, ndipo pansi ndi pa simenti yopaka polishi. Kodi zimenezi n'zoyenera?

Tsabola
Pa simenti asadumphe, ndipo pa polishi asavale masokosi. Zitsulo za pawindo n'zolimba mopitirira, mwana amazikoka mmene angafunire osadziwa kuti akulakwa.

Mphunzitsi_Leeds
Mpando wopepuka wa patebulo umaposa zitsulozo, mayi, chifukwa mwana akangoukoka umanyamuka n'kumuulula. Msana wa mpandowo ufike cha m'chiuno mwake kapena kupitirira pang'ono. Koma pa zaka 9, ndipo bondo likupweteka, ndikanakonda azichita zochepa kunyumba popanda womuyang'anira. Akhoza kugona chagada pamphasa n'kumachita retiré ali chigonere. Njira yochitira barre pansi inatchuka ndi Boris Kniaseff ku Ulaya ndi Zena Rommett ku New York, ndipo ubwino wake ndi wakuti phazi silikhala ndi pokanirira, choncho turnout imene ikuoneka ndi ya ntchafu yeniyeni. Izi zikukhudzanso inu, a Nyenyezi: mutagona, ikani manja pa mafupa awiri aja, kwezani phazi kutsata msongolo, ndipo imani pamene fupa limodzi layamba kusendera kunthiti.

Nyenyezi_Jozi
Ndabweranso, ndipo ndikuthokoza nonse. Ndinadzijambula dzulo nditamanga lamba wofiira, ndipo a Fiziyo munalondola. Phazi likangochoka pansi, lamba amatsika mbali yakumanja, thako lamanzere n'kutuluka. Phazi likadutsa pakati pa msongolo, lamba amatembenuka n'kukwera mbali yakumanja yomweyo, phewa lakumanja n'kutsika kudzakumana naye. Ndinachita manyazi kudziona, chifukwa pagalasi ndimangoyang'ana bondo kuti lafika pati. Ndaonanso kuti bondo la mwendo woimira limatembenukira mkati nthawi yomwe bondo linalo ndikulikankhira kumbuyo. A Gogo, mawondo anga amabwereradi kumbuyo, makamaka lamanzere. Masewero a pa sitepe ndayesa, ndipo mbali yamanzere inayamba kunjenjemera pa ulendo wa 7, pamene yakumanja inafika 12 popanda vuto. Ndiyambe ndi chiti pa zonsezi?

Fiziyo_BT
Yambani ndi kugwa koyambako, chifukwa kukwera kwachiwiri kawirikawiri kumakhala kubweza ngongole ya koyambako. Kwa masabata angapo phazi lisapitirire pakati pa msongolo. Zimene mwaona pa bondo n'zofunika kwambiri: mukakankhira bondo lokwezedwalo kumbuyo kuposa mmene nyung'unyu ikulolera, chiuno chonse chimazungulira kulitsatira, ndipo mwendo woimira umataya turnout yake. Lolani bondolo likhale patsogolo pang'ono, pa mzere umene zala zanu zimaloza mukaima pa kaimidwe koyamba. Mbali yamanzere muziyamba nayo pa sitepe, ndipo yakumanja izichita chiwerengero chomwecho, isapitirire. Onjezerani kuimira mwendo umodzi phazi lili phwatalala pansi, maso otseka, pafupi ndi khoma, masekondi 20 kapena 30. Maso akatsekedwa, thupi limakakamizika kumvera mauthenga ochokera ku phazi ndi kukakolo m'malo modalira galasi.

Kadzidzi
Ndifunse mwachilungamo, a Mphunzitsi. Tikuuza munthu kuti lamba asapendekeke, koma aliyense amene anaonerapo ovina a New York City Ballet akudziwa kuti mu kalembedwe ka George Balanchine chiuno chimatseguka pa arabesque, pamene wovina wakweza mwendo umodzi wowongoka kumbuyo. Kodi sitikumuphunzitsa lamulo limene akatswiri eni ake amaliphwanya?

Mphunzitsi_Leeds
Funso labwino, ndipo si a Balanchine okha. Nyung'unyu imalola ntchafu kupita kumbuyo madigiri osapitirira 20 kapena 30, ndiye arabesque iliyonse yokwera imafuna kuti chiuno chiweramire kutsogolo, msana n'kutengako gawo. Chimodzimodzi mwendo ukakwera kumbali, à la seconde, kupitirira madigiri 90, chiuno chimapendekeka ndithu. Kusiyana kwake n'kwakuti katswiri amapendeketsa chiuno pa nthawi imene wasankha, pa muyeso umene wasankha, pamwamba pa mwendo woimira umene sunataye turnout ngakhale pang'ono. A Nyenyezi chiuno chikuwapendekekera chokha phazi lisanafike n'komwe pa bondo, pamalo pamene palibe chifukwa chilichonse cha mafupa chochikakamiza kutero.

Nyenyezi_Jozi
Papita masabata anayi, ndiye ndati ndikuuzeni mmene zilili. Ndinatseka mapazi pang'ono, ndipo ndikuvomereza kuti sabata yoyamba ndinkaona ngati aliyense m'kalasi akundiyang'ana. Aphunzitsi nditawafotokozera anandilola kuchita retiré ndi fondu (kupinda bondo la mwendo woimira pang'onopang'ono) moyang'anizana ndi barre, monga ananenera a Kadzidzi. Pa sitepe mbali yamanzere tsopano ikufika 12. Lamba sakutsikanso phazi likamachoka pansi, kupatula kumapeto kwa kalasi ndikatopa, koma kukwera kuja kukadalipo ndikangoiwala n'kuthamangitsa phazi ku bondo. Pa relevé ndafika masekondi 8 pa mwendo wamanja ndi 5 pa wamanzere. Kudzikoka usiku ndinachepetsa, ndimangochita kalasi ikatha thupi lili lofunda. Chatsopano n'chakuti ndikakwera pa relevé ya mwendo wamanzere, kakolo amagwera kunja, kulemera n'kupita pa chala chaching'ono, ndipo m'mbali mwa katumba mumatopa msanga. Kale sindinkamva zimenezi.

Gogo_Relevé
Kale munkapachikika pa barre, mwana wanga, kakoloyo sankasenza kanthu. Kutopa kwa mnofu kusiyanitseni ndi kupweteka kwa fupa kapena kutupa, kumene kukufunika a fiziyo.

Mphunzitsi_Leeds
Pa relevé kulemera kukhale pakati pa chala chachikulu ndi chachiwiri, zala zonse zili zotambasuka pansi, osati zofumbata. Bwererani kaye pa mapazi awiri oloza kutsogolo, ikani kampira ka tenisi pakati pa akakolo, chakumunsi kumbuyo kwa timafupa totuluka ta pa akakolo, ndipo kwerani ndi kutsika ka 10 pang'onopang'ono kampirako osagwa. Mukatero yesani mwendo umodzi, koma chidendene chikwere theka lokha la mmene chimakwerera. Ikani foni pansi, kutsogolo kwa phazi lamanzere, mujambule kuyambira bondo kutsika, ndipo mutitumizire Lachinayi mukachokera ku kalasi.